Fupa Lopanda Kholo

1.
Kompyuta yakananso.

Nambala ya fupa ndalemba. Kumene linapezeka ndalemba: m'zigwembe zofiira za ku Karonga. Kutalika kwake, kulemera kwake, mtundu wa dothi limene linagonamo. Patsala mpata umodzi.

Kholo.

Popanda kholo sichisungika. Imakana m'Chingerezi, ndi zilembo zofiira, koma kukana ndi kukana.

2.
Ndine Zakeyu Msinkhu. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo zakale, kumpoto, m'kachipinda ka kuseri kopanda zenera. M'mashelefu mwadzaza mafupa a madainoso, zinyama zimene zinatha padziko munthu asanaponde nthaka. Ntchito yanga ndi kuwalowetsa m'nkhokwe ya pakompyuta, imene akuluakulu amati detabesi, lililonse pansi pa mtundu wake.

Nkhokweyi anaimanga ngati mtengo wa mbumba, nthambi ndi nthambi. Fupa lili pansi pa nyama, nyama pansi pa banja, banja pansi pa fuko. Aliyense ali ndi kholo limodzi. Ukasuntha mayi, ana onse amatsatira.

3.
A Mwakilasa ali pansi, m'fumbi, pakati pa msewu. Tayala lili m'khosi. Ena apita kukatenga petulo.

Machesi sanayake.

4.
Inu a Mwakilasa, dalaivala wathu, amene munayamba kukumba mafupa ine ndikadali pasukulu, pakamwa panu sipapuma. Munkalowa m'kachipinda kanga osagogoda n'kuweramira pa kompyuta.

Mphwanga, munatero tsiku lina, mtengo wakowu uli ndi mthunzi?

Ulibe.

Zipatso?

Ulibe.

Nanga umauthiriranji tsiku lonse? Chabwino, ndionetse pali nkhuku.

Ndinaloza. Pansi pa madainoso odya nyama.

Nkhuku! Ndiye kuti tambala wa mayi anga uja anali mdzukulu wa chilombo? N'chifukwa chake ankandithamangitsa mpaka kuchimbudzi. Ine n'kumati n'chipongwe, kani ndi mtundu.

Ndinakuuzani kuti madainoso otchedwa a chiuno cha mbalame si ndiwo anabala mbalame. Mbalame zinachokera kwa a chiuno cha buluzi.

Munaseka mpaka kutsokomola. Azungu analembetsa mwana kwa bambo wolakwika, munatero. Zimachitika ndi kwathu komwe.

5.
Dinosauria.
Pansi pake, Ornithischia, a chiuno cha mbalame.
Pambali pake, Saurischia, a chiuno cha buluzi.
Pansi pa Saurischia, Theropoda, odya nyama, ndi zidzukulu zawo mbalame.
Pambali pake, Sauropoda, a makosi aatali.
Pansi pa Sauropoda, Titanosauria.
Pansi pa Titanosauria, Malawisaurus, wa mano otakata.
Pambali pake, Karongasaurus, wa mano owonda ngati pensulo.

Kanyama kathu katsopano kalibe mano. Mutu sitinaupeze. Tili ndi nthiti, fupa la ntchafu, mafupa a msana ndi timafupa ta phazi. Kanafa kakadali kakang'ono. Kangakhale ka uyu, kangakhale ka uyo, kangakhale ka wina amene sitinamudziwe.

Popanda kholo sichisungika.

6.
Ku Lilongwe kunabwera katswiri wina wodziwa kuona mtundu pa fupa la msana. Anati sakhalitsa. Akuluakulu anati: Zakeyu, a Mwakilasa, nyamulani kanyamako mukamuonetse.

Panafunika bokosi lolimba. Mmisiri wa matabwa amene anavomera kutikhomera msanga anali wa mabokosi a maliro okhaokha. Tinamuuza bwinobwino, bokosi wamba, la makona anayi. Makutu ake anamva. Manja sanamve. Titapita kukatenga tinapeza kumapewa kotakata, kumapazi kowonda, zogwirira m'mbali, vanishi akuwala.

Pepani mabwana, anatero mmisiriyo, dzanja lazolowera.

Nthawi yokhoma lina panalibe. A Mwakilasa anasisita chivindikiro. Mwanayu anafa kalekale wopanda bokosi, anatero, alandire basi, mochedwa momwemo.

Mkati ndinayalamo nsalu yoyera. Timatero nthawi zonse. Kachidutswa kakabenthuka panjira, pa nsalu yoyera kamaoneka.

7.
Masamba anali pamsewu.

Sitinawaone.

8.
Titadutsa Kasungu tinapeza msewu waukulu akuukonza. Galimoto zonse zimapatukira m'kamsewu kafumbi kodutsa m'midzi. Pakakhala maliro anthu amayala masamba pamsewu, aliyense amadziwa. Wapanjinga amatsika. Wachipewa amavula. Wagalimoto amayenda ngati akukankha, wailesi n'kuzimitsa.

Koma malole anali atadutsa kuyambira m'mawa. Fumbi linali litawakwirira masambawo, anasanduka mtundu wa msewu. Wailesi yathu inali pamwamba, nyimbo yovina. A Mwakilasa amaimba nawo, dzanja limodzi pachiwongolero, lina likundifotokozera za mkazi wa ku Songwe amene anawakana chifukwa cha fungo la dothi.

Mwala.

Galasi lakutsogolo linachita ukonde wa kangaude. Patsogolo pathu panaima amuna a makasu.

9.
Simunaone masamba?

Anafunsa ndi bambo wachikulire, wa imvi, fosholo ili m'manja. Pambuyo pake ndinamva akumutcha a Lufeyo, mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzimo.

A Mwakilasa anazimitsa wailesi. Anatsika, anavula kapusi, ananjuta, manja pamodzi.

Pepani akuluakulu. Fumbi latinamiza. Nafenso kwathu timaika maliro, mwambo timaudziwa. Wolakwa ndi ine, galasilo musalidandaule, landiphunzitsa.

A Lufeyo anawayang'ana nthawi yaitali. Pitani, anatero. Pang'onopang'ono.

Zinali zitatha. Ndinali nditagwira kale chitseko.

Ndiye wina anafuula kumbuyo kwa pikapu. Tabwerani mudzaone! Anyamula maliro!

10.
Ife adzukulu a m'mudzi muno tinakumba manda amenewo chaka chatha mvula itangoyamba, manda aang'ono, a Dziwenji, mwana wa Anachisale, mwana wachialubino amene anapita ndi malungo asanayambe sukulu, ndipo tinadziwa kuti alipo anthu oipa amene amafuna mafupa a ana otere, ndiye tinalondera mosinthana mpaka tinatopa, minda inatiitana, tinasiya, ndipo lero m'mawa mayi wina wokatola nkhuni wapeza dothi lili pambali, matabwa ali poyera, m'dzenje mulibe kanthu, mulibe ngakhale nsanza, ndiye tayala masamba pamsewu chifukwa kukwirira dzenje lopanda munthu ndi malironso, maliro oipa kuposa oyamba aja, ndipo takwirira, palibe wayang'ana mnzake kumaso, ndipo tikutuluka kumanda makasu ali paphewa tamva nyimbo yovina ikubwera ndi fumbi, galimoto yachilendo, anthu achilendo, kabokosi ka mwana kumbuyo

11.
Maliro a yani?

Si maliro, anatero a Mwakilasa.

Nanga bokosili?

Kalipentala analakwitsa.

Kalipentala analakwitsa! Mwamva? Olira ali kuti? Amayi ali kuti? Maliro anji oyenda ndi nyimbo ya kubala?

Munthu wina anakwera pa boneti. Wamtali, jekete lakuda, mawu ngati a mlaliki. Ndine Bitoni, anatero, malume ake a mwanayo. Mwana wa mlongo wanga anamufukula usiku, lero mbava zadzibweretsa zokha. Mulungu sagona. Tsekulani!

Ndinati ndili ndi makiyi a loko. Khasu linafika msanga kuposa makiyi.

Nsalu yoyera.

Nthiti.

12.
Dzanja.
Mpini wa khasu.
Njerwa yotheka.
Chitsulo chokwezera galimoto, chathu chomwe.
Lamba.
Nsapato ya jombo.
Mtengo wa chinangwa, umene unathyoka msanga.
Nsungwi, imene sinathyoke.
Pampu ya njinga.
Dzanja.

Kwa ine zinafika zochepa. Ndine wamfupi, ndinagwera pansi pa chitseko. A Mwakilasa ndi aatali, ndiponso amayankha.

13.
Kuzigwembe, chaka chimene ndinayamba ntchito. Dzuwa la ku Karonga limaphika mutu. Pansi pali timiyala tofiira tosawerengeka, ndipo mwa timeneto muli timafupa. Maso sangasiyanitse.

Inu munatola kamodzi n'kukaika pa lilime. Munalavula. Mwala. Munatola kena. Kanakanirira pa lilime, kakulendewera, inu mukuseka ndi maso.

Fupa limamata, mphwanga. Lili ndi timabowo, limamwa malovu. Mwala sumata. Aphunzitsi ako a ku yunivesite anakuuza zimenezi?

Anandiuza.

Koma sananyambite. Ine ndanyambita Karonga yense. Ndikadzafa adzandipeza ndi dainoso theka m'mimba.

Munkatero osaganiza. Chilichonse chokayikitsa, kukamwa. Monga wina amagogoda chivwende.

14.
Taimani! Taimani kaye!

Ndi a Lufeyo. Alowa pakati, fosholo aigwira chopingasa. Anthu abwerera pang'ono, akupuma ngati ng'ombe.

Mnyamata iwe, dzuka. Mafupawa ndi a yani?

A nyama, ndatero. Nyama yakale kwambiri. Tili ndi kalata ya kuntchito.

Kalata aliyense amalemba, watero Bitoni ali pa boneti.

Ndatulutsa laputopu m'chikwama. Chala chimodzi chathyoka, ndikulemba ndi china. Mtengo waonekera. Nthambi, nthambi, nthambi. Ndikuloza. Apa pali fuko lonse. Apa a makosi aatali. Apa a kwathu kuno. Zithunzi izi, tikukumba, a Mwakilasa awa avala chipewa.

A Lufeyo awerama, atsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Chabwino. Nanga iyi ili m'bokosiyi ili pati?

Ndaloza mpata wopanda kanthu.

Palibe cholembedwa apa.

Sitinalembe.

Ndi nyama yanji?

Sindikudziwa.

Nena dzina, mphwanga, akutero a Mwakilasa ali pansi, magazi ali m'kamwa. Nena lililonse. Malawisaurus. Lili ndi Malawi mkati, alikonda.

Sindikudziwa ngati ndi iye.

Zakeyu!

Sindikudziwa, ndatero. N'chifukwa chake tikupita ku Lilongwe.

Mwamva nokha, wafuula Bitoni. Wanyamula mafupa, mwini wake sakumudziwa! Ku Lilongwe kuli wogula!

Njerwa yagwa pa laputopu. Mtengo wazima.

15.
Kholo:

Kholo:

Kholo:

16.
A Mwakilasa akwawa mpaka pabokosi. Diso limodzi latsekeka. Akuyankhulabe, chifukwa sadziwa njira ina.

Akuluakulu, tandimverani. Ine ndine nkhalamba ngati inu. Mafupa awa ndi akale kuposa mudzi uno, kuposa phiri ilo. Tawanyamulani mumve kulemera. Fupa la munthu lili ndi mafuta, limanunkha. Ili ndi louma, lasanduka ngati mwala, komabe ndi fupa. Taonani, ndikuonetseni mmene timadziwira.

Ndaona dzanja lawo likupita. Ndafuna kufuula. Pakamwa panga pamachedwa nthawi zonse.

Atola kafupa ka phazi. Atulutsa lilime.

Kakanirira. Kakulendewera, kofiirira, pa lilime la magazi, ndipo iwo akuyang'ana anthu ndi diso lotsalalo, ngati akuti mwaonatu.

Zii.

Ngakhale mbalame.

Mayi wina wayamba kulira mokweza, manja kumutu.

Mfiti.

Mfiti!

Akudya mwana ife tikuona!

17.
ndipo tsopano palibenso mafunso palibe a Lufeyo palibe fosholo yopingasa pali miyendo yokhayokha fumbi ndi miyendo ndipo nsungwi ikukwera ikutsika ikukwera ikutsika phokoso lake ngati amayi akupuntha nyemba ndipo ndikumva mano akugwa sindinadziwe kuti mano amamveka akamagwa ndipo wina wandiponda pakhosi kuti ndisadzuke nkhope yanga ili m'dothi diso limodzi likuona pansi pa galimoto ndipo kuseri kwake ndikuona dzanja la a Mwakilasa likutseguka likutsekeka likutseguka dzanja limene linafukula nthiti izi ndi kaburashi ka mano mwezi wathunthu osabenthula ngakhale imodzi ndipo jombo yatsika padzanjapo ndipo akugubuduza tayala lathu lapadera limene tinapopetsa ku Mzuzu iwo akukangana ndi wopopa za mpira ndipo awakhazika tsonga mutu ukugwera kutsogolo awakweza chibwano alowetsa

18.
Machesi sanayake.

19.
M'nkhokwe muli lamulo lina. Ukafuna kufufuta chinthu, kompyuta siifulumira. Imatulutsa kabokosi pakati pa galasi.

Mukutsimikiza?

Ukati inde, imafunsanso. Chimenechi chili ndi ana pansi pake. Mukachifufuta atsala opanda kholo. Mukutsimikiza?

Zinkandikwiyitsa. Tsiku lina ndinafunsa amene anaikonza ngati angachotse funsolo. Anati ayi, talisiya dala, anthu amadina ndi mkwiyo.

A Mwakilasa ali ndi ana asanu, ndi mdzukulu amene amagona pamsana pawo.

20.
Aitaneni mayi ake.

Ndi a Lufeyo, mawu asasa. Awakankhira kunja kwa bwalo koma akufuulabe. Aitaneni Anachisale adzaone okha. Mwana ndi wawo. Akati ndi iye, ine ndiyatsa ndekha.

Mlongo wanga wakomoka kumanda, watero Bitoni. Mukufuna mumuphe ndi chisoni kachiwiri? Mwini mbumba ndine. Ndanena ine, ndi iye. Nanga petulo ali kuti?

Wa kabaza wina wapendeketsa njinga yamoto, akupopa ndi kapaipi m'botolo la madzi. Akulavula. Botolo likudzaza pang'onopang'ono, lachikasu padzuwa.

Bitoni akufuula: Fulumira, ase! Apolisi akabwera awatenga, mawa awatulutsa!

21.
Inu a Mwakilasa. Tikunyamuka m'mawa munagula nthochi zowotcha n'kundipatsa zitatu, inu ziwiri, mukuti wophunzira amadya ndi mutu womwe. Munandifunsa kuti katswiri akadzati kanyamaka ndi ka mtundu watsopano tidzakatcha dzina la yani.

Ndinati malamulo ake alipo.

Munati malamulo ati, wakumba ndine. Mwakilasasaurus. Tamva mmene likukomera. Ana asukulu azidzaluma lilime polemba mayeso, azidzanditukwana ine nditafa kalekale. Kukumbukiridwa n'komweko.

Sindinaseke. Ndimaganiza za mpata uja.

22.
Wina wawathira petulo kumutu. Watsikira m'maso, m'kamwa, wadzaza m'mimba mwa tayala. A Mwakilasa atsokomola. Milomo ikuyenda, mawu sakutuluka. Koyamba chiwadziwireni.

Anthu abwerera m'mbuyo, bwalo lakula. Amene anandiponda pakhosi wachotsa phazi kuti naye aone. Sindingathe kudzuka.

Bitoni watsika pa boneti. Wapisa m'thumba la jekete. Wagwedeza kabokosi ka machesi pafupi ndi khutu, kakulira.

Kamtengo koyamba kathyoka.

Watulutsa kachiwiri.

Machesi sanayake.

23.
Ine Nachisale, mayi wake wa Dziwenji, sindinakomoke.

Ndafika pamsewu pamodzi ndi aliyense, mwala uja usanagwe pagalasi. Ndafunda chitenje kumutu ngati amayi onse. Maso a anthu ali pa alendo, palibe akuyang'ana kumbuyo. Mnzanga wapambali wandizindikira, ndamutsina kuti akhale chete.

Atang'amba chivindikiro ndasuzumira pakati pa mapewa a amuna. Kamodzi kokha. Fupa la ntchafu lonenepa ngati munsi. Ntchafu ya Dziwenji inkakwana m'dzanja langa ili, ndinkaidzoza mafuta a dzuwa m'mawa uliwonse. Si iye. Ndadziwa asanamenye munthu ngakhale kamodzi.

Ndakhala chete.

Mlendo angakumbe bwanji manda a mwana pakati pa manda ambirimbiri opanda dzina, osalakwitsa? Wakumba ndi wodziwa njira. Ali pano. Ndiye ndaima, ndikuyang'ana, osati alendo koma anthu anga. Nsungwi ikutsika, ine ndikusankha ngati nyemba pa lichero. Uyu akumenya akulira. Uyu akumenya chifukwa anatopa kulondera, manyazi akumudya. Uyu akumenya chifukwa anzake akumenya. Bambo wachilendoyo mano akugwa, ndikumva, ndikuti pirirani pang'ono bambo, sindinamalize.

Aliyense wasuzumira m'bokosi. Adzukulu asuzumira. Amayi a mvano asuzumira n'kutseka kukamwa. Wa kabaza wasiya njinga ikulira kuti adzaone. Ngakhale Anambewe amene maso anachita ng'ala apempha kuti awagwiritse dzanja pa nsaluyo. Munthu amene mbuzi yake yasowa, akamva kuti kwapezeka chikopa, amathamanga kukaona mawanga.

Mmodzi yekha sanasuzumire. Wakwera pa boneti, walozera kumwamba, watchula Mulungu, waitanitsa tayala, waitanitsa petulo, watsika, wadutsa pafupi ndi bokosilo, maso ali kwina. Amene ankamunyamula Dziwenji paphewa popita kumsika. Amene anamugulira chipewa chachikulu chija. Amene anauza adzukulu kuti kulondera kwakwana, bwererani kuminda.

Sakufuna kuona. Akudziwa kale kuti mulibe.

Ndavula chitenje kumutu. Ndikuyenda. Anthu akupatuka, dzina langa likuyenda patsogolo panga. Ndafika pa mlendoyo, ndatembenuka, ndakhala motsamira tayala. Petulo walowa m'nsalu, wozizira mpaka m'mafupa. Kumsana kwanga bamboyo akupuma, pang'onopang'ono, ngati mwana wa chifuwa.

Achimwene, ndatero, musanayatse. Bwerani mudzamuone Dziwenji.

Mlongo, choka apo, wapenga?

Si mwati ndi iye? Bwerani. Mundionetse mwendo wake. Mundionetse mutu umene munkauveka chipewa.

Sakusuntha.

Bokosi lili apa, achimwene. Mukuopa chiyani?

Kamtengo kali pakati pa zala. Akuyang'ana a Lufeyo, akuyang'ana msewu, akuyang'ana chimanga cha kuseri kwa msewu. Bokosi lokha ayi. A Lufeyo afika pambali pake, atenga machesi m'dzanja mwake monga umalandira mpeni kwa mwana. Makasu akutsika m'mapewa. Bwalo lija linazungulira alendo layamba kusunthira kwa achimwene, phazi limodzi, phazi lina.

Wina wandigwira paphewa, mwaulemu.

Mayi, tadzukani. Tiwavule bambowa. Tayalalo tikulifuna.

Ndadzuka.